Zithunzi zikutuluka zakuda: zolemba za ntchito yogwirizanitsa sikirini ndi pepala

Tsiku loyamba

Mapepala 6 apita pachabe lero, ndiye ndati ndiyambe kulemba zimene ndikuchita kuopa kubwereza zomwezo mawa nditaiwala. Ntchito yake ndi iyi: ndili ndi zithunzi 24 za m'banja mwathu zoti ndisindikize pa mapepala a A4, zina zokaika m'mafelemu, zina za mu alubamu. Pa sikirini zonse n'zokongola. Zikangotuluka mu pulinta zikumaoneka ngati ndinajambula dzuwa litalowa kale.

Chimene chandiwawa kwambiri ndi chithunzi cha agogo. Ndinawajambula atakhala pambali pa zenera, kuwala kukuwamenya tsaya limodzi. Pa kompyuta makwinya a mbali ya kumthunzi amaoneka onse, ngakhale kamzere kaja kochokera pamphuno kutsikira pakona ya pakamwa. Pa pepala theka la nkhope langoti bii. Diso lokha ndilo latsala, zina zonse zamira.

Mlandu woyamba ndinaupereka kwa pulinta. Ndinatsuka timabowo ta inki kawiri, ndinasindikiza timizere toyesera, tonse tinatuluka tathunthu popanda podukiza. Inki yapita yambiri pa kutsukako, ndipo chithunzi chachisanu ndi chimodzi chinatuluka chimodzimodzi ndi choyamba.

Tsiku lachiwiri

Ndinawaimbira achimwene, amene anayamba kale zosindikiza zithunzi. Sanandilole n'komwe kumaliza kudandaula.

"Sikirini yakoyo kuwala kwake kuli pa angati?"

"Sindinaikhudzepo chigulireni, achimwene."

"Basi, vuto ndi limenelo. Tsegula tsamba loyera, utenge pepala losalembapo uliike pambali pake, undiimbirenso."

Ndinachita momwemo, usiku, babu la padenga lili chiyakire. Sikirini inali ngwee, pepala lili mbuu ngati latolidwa pansi. Choseketsa n'chakuti mbali ya pepala yoyandikana ndi sikirini inkaoneka yoyera kuposa mbali inayo, kutanthauza kuti monita yanga ndiyo inkagwira ntchito ya nyale m'chipindamo. Nditatsegula timabatani ta pansi pa monita ndinapeza kuwala kuli pa 100, pamapeto penipeni.

Nkhani yake ndi yosavuta ukangoiona. Sikirini imatulutsa kuwala kwakekwake. Pepala lilibe kuwala, limangobweza kumene lalandira. Ndikamakonza chithunzi pa sikirini yowala mopitirira, maso amandiuza kuti chayera kwambiri, ndiye dzanja limatsitsa. Ndimatsitsa mpaka chitandikomera. Manambala a mu fayilo amakhala atatsika ndithu, koma monita ikundibisira chifukwa ikuwalitsa kuchokera kumbuyo. Pulinta ilibe chobisa, imangosindikiza manambala amene yapatsidwa. Ndiye kuti zithunzi 24 zonsezi ndinazidetsa ndekha, ndi manja angawa, madzulo angapo otsatizana.

Tsiku lachitatu

Kachipangizo koyezera sikirini, colorimeter, achimwene ati andibwereka kumathero a sabata. Podikira ndayesa kugwiritsa ntchito kamera ngati choyezera, ndipo zatheka kuposa momwe ndimaganizira.

Kuwala kwa sikirini amakuyeza mu cd/m², ena amati nit. Mamonita ambiri a pa desiki akafika pamapeto amatulutsa pakati pa 250 ndi 350. Okonza zithunzi zosindikiza nthawi zambiri amakhala pakati pa 80 ndi 120. Kamera imadziwa kuyeza kuwala, chofunika n'kungotembenuza yankho lake. Ndinaika ISO 100 (momwe kamera imamvera kuwala), f/8 (kukula kwa bowo lolowera kuwala), kamera isankhe yokha liwiro la shata, kutalika kwa nthawi imene imatsegukira kuwala, popanda kuwonjezera kapena kuchotsera kalikonse. Ndinayandikira mpaka tsamba loyera litadzaza chithunzi chonse, n'kusokoneza fokasi dala kuti timadontho ta sikirini tisaoneke. Pa f/8 ndi ISO 100 masamu ake amafewa: nambala ya pansi ya liwiro la shata ukaichulukitsa ndi 8 umapeza cd/m². 1/10 ndi 80, 1/15 ndi 120, 1/30 ndi 240. Izi zimachokera pa nambala 12.5 imene makamera ambiri, monga a Canon ndi Nikon, amagwiritsa ntchito poyeza kuwala kobwezedwa. Makamera ena amagwiritsa ntchito 14, ndiye yankho limasunthako pang'ono.

Monita yanga inapereka 1/40. Ndiye 320.

Kenako ndinaloza kamera pa pepala losalembapo, pamalo pomwe ndakhala ndikuonera zithunzi zosindikiza usiku uliwonse. 1/4. Ndiye 32. Sikirini inali yowala kakhumi kuposa pepala limene ndimaliyerekeza nayo, ndipo ine ndili pakati n'kumatukwana pulinta.

Ndinatsitsa kuwala pang'onopang'ono, ndikuyeza, mpaka kamera inati 1/15. Batani linafika pa 28. Nambala imeneyi musaitengere, ndi ya monita yanga yokha. Pa monita ina 28 ikhoza kupereka 70, pa ina 180. Chimene chimayezedwa ndi kuwala kotuluka, osati nambala ya pa batani.

Mphindi zoyamba ndinkangoona ngati monita yadwala. Ndinatuluka panja pang'ono, pobwera maso anali atazolowera ndipo tsamba loyera linali loyera ndithu. Nditatsegula chithunzi cha agogo ndinachiona chili chakuda, pafupifupi ngati cha pa pepala lija. Sindinadziwe kaya ndisangalale kaya ndilire, popeza zonse 24 ziyenera kukonzedwanso.

Tsiku lachinayi

Palibe chachitika. Ndangosonkhanitsa mafayilo oyambirira a m'kamera, chifukwa kukweza mithunzi pa JPEG imene inadetsedwa kale kumabweretsa timadontho ndi mizere yoipa. 22 ndawapeza. Awiri ndinawafufuta kalekale, ndiye ndilimbana ndi ma JPEG omwewo.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi

Kachipangizo kafika. Ndi kakang'ono ngati kabokosi ka machesi, kali ndi chingwe cha USB ndi kolemera kopachika kuseri kwa monita kuti kasagwe. Achimwene pokapereka anati, "Usakagwetse, ndipo monita uyambe waiyatsa theka la ola isanayezedwe. Ikadali yozizira imanama." Ndinagwiritsa ntchito DisplayCAL, pulogalamu yaulere imene imayendera pa ArgyllCMS.

Ndisanayambe ndinabweza monita pa zoikika za kufakitale, n'kuzimitsa zonse zimene zimasintha kuwala zokha: kaja kosunga magetsi, kaja kowonjezera contrast malinga ndi chimene chili pa sikirini, ndi kosintha kuwala malinga ndi chipinda. Ndinapukuta galasi, ndinatseka makatani, ndinapendeketsa monita chagada pang'ono kuti kachipangizo kagone bwino pa galasi kuwala kwa pambali kusalowe.

Zolinga ndinaika zitatu: kuyera D65, komwe ndi pafupifupi 6500 K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala, nambala ikakwera kumapendekera ku buluu, ikatsika ku chikasu), gamma 2.2 (momwe kuwala kumakwerera kuchoka pa kuda kufika pa kuyera), kuwala 120 cd/m². Pulogalamu imayamba ndi kukuonetsa mizere itatu, yofiira, yobiriwira ndi ya buluu, iwe n'kumasintha pa timabatani ta monita mpaka yonse italingana. Apa ndipo ndinadziwira kuti monita yanga inali yopendekera ku buluu, cha m'ma 7300 K. Ndinatsitsa buluu kwambiri, wobiriwira pang'ono. Ukatsitsa mitunduyi kuwala nako kumatsika, ndiye batani la kuwala linakwera kuchoka pa 28 kufika pa 33 kuti 120 ikwane. Ndisanasinthe kalikonse, pa 28 paja, kachipangizo kanawerenga 113. Kamera sinanditaye kutali.

Pali zinthu ziwiri zimene ndinkaziyesa chimodzi. Choyamba ndi kusintha monita yeniyeniyo, kuwala kwake ndi kuyera kwake, pamodzi ndi timakonzedwe timene timalowa mu khadi la zithunzi la kompyuta. Chachiwiri ndi profile, kafayilo kamene sikasintha monita koma kamangoifotokoza: kufiira kwake kumafika apa, kubiriwira kwake apa. Mapulogalamu okonzera zithunzi monga Photoshop ndi Lightroom amawerenga kafayiloka n'kudziwa momwe angatumizire mitundu. Mtundu wa mafayilo amenewa unakhazikitsidwa ndi International Color Consortium, bungwe limene linayamba mu 1993, n'chifukwa chake amati ICC profile.

Kuyeza koyamba ndinakuononga ndekha. Ndinaiwala kuti Night Light, kachoikika ka mu kompyuta kochepetsa buluu pa sikirini, ndinaiika kuti izidziyatsa madzulo. Pulogalamu ili mkati moonetsa timabokosi ta mitundu, nthawi inakwana, sikirini inayamba kufiirira. Ine ndinali kukhitchini. Pobwera ndinapeza profile yatha, ndipo nditaiika zithunzi zonse zinkaoneka ngati zamizidwa m'madzi a buluu wochapira. Ndinazimitsiratu Night Light, n'kuyambiranso. Ulendo wachiwiri ndinakhala pompo kuyang'anira. Lipoti la kumapeto linaonetsa Delta E yapakati, muyeso wa kusiyana kwa mtundu wofunika ndi umene watuluka, yosafika pa 1. Kusiyana kosafika pa 1 diso silikuona, ndiye pamenepo ndakhutira.

Usiku wonse sikirini inkandionekera yachikasu. M'mawa mwake inali yoyera, ndipo ya laputopu, imene sindinaikhudze, ndiyo inkaoneka ya buluu.

Sabata yachiwiri, Lolemba

Ndakonzanso chithunzi cha agogo pa 120 n'kusindikiza. Nkhope yabwerako, koma pabuka zina ziwiri. Chikadali chakuda pang'ono kuposa pa sikirini, ndipo khungu lapita kofiirira kopendekera ku pepo, mtundu umene munthu wamoyo alibe.

Cha mtunduchi ndinachipeza patapita ola. Mu Photoshop ndinasankha kuti pulogalamu ndiyo iyang'anire mitundu, ndinasankhanso profile ya pepala. Koma mu zoikika za pulinta ndinasiya kukonza mitundu kuli koyatsa. Chithunzi chinatembenuzidwa kawiri, koyamba ndi Photoshop, kachiwiri ndi pulinta, aliyense akuganiza kuti ali yekha. Woyang'anira mitundu ayenera kukhala mmodzi. Ngati ndi pulogalamu, ku pulinta uzimitse. Chenjezo lake limalembedwa pomwepo pa zenera losindikizira, ndipo ndakhala ndikulidumpha osaliwerenga.

Ndinapezanso kuti mtundu wa pepala mu pulinta unali pa losanyezimira pamene ine ndinaikamo lonyezimira. Kusankha kumeneku ndiko kumauza pulinta kuchuluka kwa inki yothira, ndipo profile ya pepala imapangidwa ndi kusankha kumodzi kokha. Ndinakonza zonse ziwiri, pepo uja anachoka.

Lachiwiri

Ndaphunzira kusaweruza chithunzi chikangotuluka. Inki ikadali yonyowa mitundu imakhala isanakhazikike, ndipo okonza ma profile amasiya mapepala awo kuti agone usiku wonse asanawayeze. Cha dzulo chija lero chikuonetsa mzere wa chibwano umene dzulo unali wovuta kuuona. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuyambira lero chilichonse chosindikizidwa chizidikira maola 24, ndipo kuseri kwake ndizilemba ndi pensulo kuwala kwa monita, pepala, ndi zimene ndinasankha.

Lachitatu ndi Lachinayi

Masiku awiriwa apita pa nyale, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Monita ili pa 120, inde. Nanga pepala ndikulionera pati? Pansi pa babu lomwe lija la padenga, lachikasu, la 2700 K, pomwe kamera inati 32. Kusiyana kwatsika kuchoka pa kakhumi kufika pa kanayi, koma kukadalipo. Chithunzi chilichonse chioneka chakuda pamenepo, ngakhale chitasindikizidwa bwino chotani. Nditachitengera pazenera masana chinasanduka china, chowala kuposa cha pa sikirini. Pepala lomwelo, inki yomweyo.

Kuwala kogwera pa chinthu amakuyeza mu lux. Kuti udziwe kuti pepala loyera liwala bwanji, umagawa lux ndi 3.14, n'kuchotsako pang'ono chifukwa pepala silibweza kuwala konse, limabweza pafupifupi magawo 9 mwa 10. Ndiye 32 cd/m² yanga ija ndi pafupifupi 110 lux, kuwala kwa chipinda chochezeramo usiku. Kuti pepala lifanane ndi monita ya pa 120 pafunika cha m'ma 420 lux. Muyezo wa ISO 3664, umene osindikiza amatsata poonera zithunzi, umatchula kuwala kwa D50, pafupifupi 5000 K, pa milingo iwiri: 2000 lux poyerekeza zinthu mosamalitsa, ndi 500 lux poona momwe chithunzi chidzaonekere pamalo wamba. Pa 500 lux pepala limawala cha m'ma 140 cd/m². Pa 2000 lux limawala kwambiri moti monita ya pa 120 sungaiyerekeze nalo mwachindunji.

Ndinapeza babu la LED la 5000 K lolembedwa CRI 95. CRI ndi muyezo wa momwe babu limaonetsera mitundu mokhulupirika, ndipo mapeto ake ndi 100. Mababu ambiri wamba amakhala cha m'ma 80, ndipo chimene amalephera kwambiri ndi kufiira, komwe ndi kumene khungu la munthu limadalira. Ndinaliika mu nyale ya pa desiki yokhala ndi mkono wopindika, kumanzere kwa monita, n'kuimika katoni pakati kuti kuwala kusagwere pa galasi. Pepala ndinalitsamiritsa pa bolodi lotuwa. Kenako ndinkasuntha nyale, kuyandikiza ndi kutalikitsa, kamera ili m'manja, mpaka pepala losalembapo linapereka 1/15, chimodzimodzi ndi sikirini. Kusuntha pang'ono kumasintha zambiri, chifukwa ukawirikiza mtunda kuwala kumatsala gawo limodzi mwa anayi. Nditapeza malo ake ndinamata selotepi pa desiki pomwe phazi la nyale laima.

Ndinaika chithunzi cha agogo pamenepo. Kwa nthawi yoyamba ndinayang'ana pepala, n'kutembenukira ku sikirini, osamva kuti maso akulumpha dzenje.

Koma mafelemu sakakhala pansi pa nyale yanga. Ndinatenga pepala loyera ndi kamera kupita pa khoma pomwe akapachikidwe. Masana 1/8, ndiye 64. Usiku 1/4. Apa ndinakhala pansi kuganiza. 120 ndinaitenga ngati lamulo, pamene ndi poyambira chabe. Muyezo wa mitundu wa sRGB, umene HP ndi Microsoft anaukonza mu 1996, umaganizira monita ya 80 cd/m². Wa Adobe RGB wa 1998 umaganizira 160. Onse ndi olondola m'chipinda chawochawo. Nambala yabwino ndi imene ikugwirizana ndi kumene pepala likakhale, ndipo khoma langa likukokera pansi. Kutsika mpaka 64 sindingathe, chifukwa monita yanga pamenepo imayamba kutuwa ndipo masana sindingaonepo kanthu. Ndasankha 95. Ndayezanso monita pa 95, ndasunthira nyale kumbuyo pang'ono mpaka kamera inati 1/13, n'kumata selotepi yatsopano.

Achimwene nditawauza anaseka. "Ine ndili pa 110 zaka zonsezi, koma zithunzi zanga zimakakhala m'maofesi owala. Iwe tsata khoma lako."

Lachisanu

Kanthu kakang'ono koma kothandiza. Mapulogalamu okonzera zithunzi amabwera ndi kumbuyo kwakuda, ndipo chithunzi chozunguliridwa ndi mdima chimaoneka chowala kuposa momwe chilili. Pepala limakhala ndi malire oyera, kenako khoma loyera. Ndasintha kumbuyo kukhala koyera pomaliza kukonza chithunzi chilichonse. Zingapo zimene ndinkaziona ngati zatha zinafuna kukwezedwanso pafupifupi gawo limodzi mwa atatu la sitopu (sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri).

Sabata yachitatu, Lolemba

Ndinapanga tsamba loyesera. Mzere wa pamwamba timabokosi totuwa kuyambira 0 mpaka 40, kulumpha ziwiriziwiri, pa malo akuda bii. Mzere wa pansi kuyambira 235 mpaka 255 pa malo oyera. Mu fayilo ya 8-bit mtundu uliwonse umayenda kuchoka pa 0 kufika pa 255, ndiye apa ndimafuna kuona kuti mdima umayamba kusiyanitsika pa nambala iti. Ndinasindikiza pa mapepala onse awiri Loweruka, lero ndawaona pansi pa nyale.

Pa monita kabokosi ka 4 ndikutha kukaona. Pa pepala lonyezimira ndikuyamba kuona pa 10. Pa losanyezimira palibe chooneka mpaka pa 18, ndipo kuchoka pamenepo mpaka 26 timabokosi tikusiyana movutikira. Kumbali yoyera onse akuchita bwino mpaka cha m'ma 251.

Ndinabwerera ku chithunzi cha agogo, chija choyambirira chimene chinandiyambitsa zonsezi, n'kuyendetsa kolozera pa tsaya la kumthunzi. Manambala ake anali pakati pa 12 ndi 22. Makwinya onse aja amene ndinkawanyadira anali m'dera limene pepala losanyezimira silitha kulankhulamo. Monita ya pa 320 inkawaonetsa bwinobwino chifukwa kusiyana kwa 12 ndi 22 kukawalitsidwa chotero kumakula.

Izi zimakhudza kwambiri zithunzi za anthu akhungu lakuda. Nkhope yoyera imakhala kumtunda kwa muyeso, ndipo ukaidetsa pang'ono imangotsikira pakati, n'kumaonekabe. Nkhope yakuda imayambira pakati kutsika, ndipo mbali yake ya kumthunzi imakhala kale pamlomo pa phompho. Kuitsitsa ndi theka la sitopu kukwanira kuigwetseramo. Yankho lake si kuyeretsa khungu, ayi. Agogo ayenera kutuluka ndi khungu lawo lomwe. Chofunika ndi kutsegula mpata pakati pa manambala a m'munsiwo, kuti tsaya, khwinya ndi mthunzi wa pansi pa diso zikhale zinthu zitatu zosiyana. Ndinagwiritsa ntchito curve, mzere wa mu pulogalamu umene umaupinda pokweza kapena kutsitsa kuwala kwa chigawo cha chithunzi: ndinakhoma mfundo pakati kuti mbali yowala ya nkhope isasunthe, n'kukweza chigawo cha pansi mpaka tsaya lija linafika pakati pa 28 ndi 45. Mdima weniweni, wa kuseri kwa phewa, ndinausiya pa 5 kuti chithunzi chisatuwe.

Ndiyenera kuvomereza kuti pepala silidzafika pomwe monita imafika. Monita ya IPS ngati yangayi kuyera kwake kumaposa kuda kwake pafupifupi ka 1000. Pepala lonyezimira labwino limafika cha m'ma 200. Losanyezimira limathera pa 40 kapena 50. Kutsitsa kuwala kwa monita sikuchotsa kusiyana kumeneku, kumangoletsa kuti usadzinamize.

Lachiwiri

Soft proof. Mu Photoshop ili pa View, Proof Setup, Custom, ndipo Ctrl+Y imayatsa ndi kuzimitsa. Mu Lightroom ndi batani la S pamene uli mu Develop. Umasankha profile ya pepala, pulogalamu n'kuyesa kukuonetsa momwe chithunzi chidzatulukire. Ukachonga Simulate Paper Color chithunzi chimafota nthawi yomweyo, ngati wachithira phulusa. Achimwene anandipatsa nzeru yoti ndiziyang'ana kumbali pochonga, n'kubwezera maso patapita kanthawi. Zikuthandiza ndithu. Diso likapanda kuona kugwako limalandira chithunzicho momwe chilili, ndipo chimafanana kwambiri ndi pepala la pansi pa nyale.

Ndayesa Perceptual ndi Relative Colorimetric, njira ziwiri zotembenuzira mitundu ya chithunzi kuti ikwane pa pepala, pa zithunzi 5. Pa nkhope Relative Colorimetric, Black Point Compensation itachongedwa, yasunga khungu pafupi ndi momwe ndinalikonzera. Popanda Black Point Compensation mithunzi yonse yozama kuposa kuda kwa pepala imaunjikana pamodzi. Perceptual yapambana pa chithunzi chimodzi chokha, cha ana atavala zovala zowala kwambiri, pomwe inasunga mapindo a nsalu amene inayo inawafafaniza.

Lachinayi

Ndinayesa kuika monita pa 5000 K kuti ifanane ndi nyale. Sizinandikomere. Inkaoneka yachikasu ndi yofooka ngakhale patapita ola, pamene pepala pansi pa nyale ya 5000 K yomweyo linkaoneka loyera. China chimene chikuchititsa n'chakuti pepala langa lonyezimira lili ndi mankhwala oyeretsa, aja amene amamwa kuwala kwa UV n'kukutulutsa ngati buluu, ndiye limayera mopendekera ku buluu. Pa 6500 K monita inali ya buluu pang'ono kuposa pepala. Ndakhazikika pa 5800 K, pomwe ndikayang'ana uku ndi uku palibe mbali imene ikundikoka. Ndasunga ma profile awiri, ya 5800 K ndi 95 cd/m² yosindikizira, ina ya D65 ndi 120 ya zithunzi zotumiza pa intaneti.

Chosankha china: zithunzi za nkhope zonse zipita pa pepala lonyezimira pang'ono, lija lapakati, osati losanyezimira. Losanyezimira ndimalikonda m'manja, koma tsamba loyesera lija landiuza zoona.

Sabata yachinayi

Zithunzi 19 zasindikizidwa, zauma, zaonedwa pansi pa nyale ndi pa khoma. Mwa zimenezi 16 zinatheka ulendo woyamba, 3 ndinazibwereza kamodzi. Ma JPEG awiri aja anavuta monga ndinkayembekezera. Chimodzi chinalola, china chinatulutsa mizere m'thambo, ndiye ndachichepetsa kukhala cha mu alubamu pomwe mizereyo sioneka.

Ziwiri ndikufuna zikhale zazikulu, A2, ndipo pulinta yanga siifika pamenepo. Ndazitumiza kotsukitsa zithunzi mu sRGB, ndi pempho lolemba loti asazikonze ndi makina awo, chifukwa makina oterewa akaona chithunzi chokhala ndi mdima wambiri amachiwalitsa okha. Ndapempha kaye tating'ono toyesera tisanapite ku zazikulu.

Cha agogo ndinawaonetsa amayi Lamlungu masana, chili kale mu felemu. Anachitenga n'kupita nacho pazenera, anachiyang'ana nthawi yaitali osanena kanthu, kenako anagusa galasi ndi chala pa tsaya la kumthunzi lija.

"Kachipsera aka kakuoneka? Anagwa ali mtsikana. Iwe unkakadziwa?"

"Ayi amayi, ndimayesa ndi khwinya."

"Si khwinya. Undisindikizire china, ndikawapatse azakhali ako."

Zotsala

Zithunzi 3 zikadalipo, zonse zili ndi diresi la buluu wowala la mlongo wanga, limene pa soft proof likupita ku pepo. Buluu ameneyu ali kunja kwa mitundu imene inki ndi pepalali zingafike. Ndiyesa kuchepetsa ukali wake ndi kumupendeketsa pang'ono kobiriwira, pa diresi lokha, ndisindikize tizidutswa 4 pa pepala limodzi ndisankhepo. Toyesera ta A2 sitinabwere. Cha azakhali ndisindikiza mawa ndi zoikika zomwezo, zalembedwa kuseri kwa choyamba.

Kachipangizo ndibweza Loweruka. Ndisanabweze ndiyezanso monita kamodzi, n'kulemba pa kapepala komata pansi pake: kuwala 24, wofiira 50, wobiriwira 47, buluu 41, kamera 1/13. Nyali za kumbuyo kwa monita zimafooka ndi nthawi, ndiye pakatha mwezi ndidzaloza kamera pa tsamba loyera, ndipo ikadzati 1/10 ndidzawaimbiranso achimwene.